Anyani amene ndinawaphunzitsa kupalira

Amene akuti ndikunama asiye bawoyo aimirire ndimuone nkhope, chifukwa enanu munali musanabadwe pamene ine Makwinja ndinkalamula phiri lonse ndi mkoko umodzi wa nthochi.

Zaka zija za makadi a chipani ndinakalowa chikamwini kuseri kwa Mbulumbuzi, ndipo apongozi anga aakazi, mayi wouma mtima ngati uja sindinamuonenso, anandilozera munda wa m'tsinde mwa phiri umene anyani anali atathamangitsamo kale akamwini ena. Anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Nkhokwe ikapanda kudzadza, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu." Mwana wawo Esinati ndinkamukonda zedi, kumusiya kukanandipha.

Anzanga aja ankagenda anyani ndi miyala. Ine ayi. Ndinakhala pachulu ndi nthochi zanga n'kumadikira, ndipo nyani wina atazula chisoso mwangozi pofunafuna tizilombo, ndinamuponyera nthochi pompo asanaiwale chimene wachita, koma wina atathyola chimanga anapeza ndapakamo chitedze, anadzikanda ndi kudzikhula pamwala mpaka ubweya wakumbuyo unasosoka wonse, n'chifukwa chake mpaka lero anyani kumbuyo n'kofiira, kapena mumayesa anabadwa choncho? Mukumva? Mwezi usanathe gulu lonse linali m'mizere, kupalira, kubandira, kubzala nandolo pakati pa chimanga, chinyani chachikulu chikuyendera ntchito manja kumbuyo ngati kapitawo wa kuesiteti, khwangwala akatera ankamugwira okha n'kumupaka chitedze, ndipo nditayamba kupereka nthochi mwa apo ndi apo, osadziwa kuti igwa liti, ndiye anachita kupenga nayo ntchito, anapalira ndi minda ya eni ake mpaka kukatulukira ku Nguludi, ena ochenjera n'kumabzala dala chisoso kuti mawa adzapeze chozula. Ndikulumbira pali malemu amayi anga.

Chaka chimenecho chimanga chimodzi tinkanyamula anthu awiri ngati mtanda wa denga. Nkhokwe inang'ambika, ndipo apongozi aja anachita kundikokera okha mpando.

Ndiye mumve kwa ine mwini luso, chamoyo chilichonse chimawetedwa, bola udziwe chimene chimachikomera ndi chimene chimachiwawa. Kupatula ine. Ine palibe anandiwetapo. Zoti Esinati amandipatsa tiyi wamkaka ndi chigumu ndikafika dzuwa lisanalowe, koma ndikachedwa kuno kubawo ndimapeza madzi osamba ozizira ndi nkhope yozizira, chimenecho ndi chikondi chabe, musachisakanize ndi za anyani.

Taimani kaye. Imeneyo si supuni yake ikugogoda kapu? Bawoyi mutsirize nokha. Ndipatsireni ndodo yangayo msanga, dzuwa lapendeka.