Nkhanu za ku Annapolis ndi apongozi

Lolemba

Ambuye ndikhululukireni, sabata ndaiyamba ndi kudzitama. Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinalonjeza pamaso pa anthu kuti Loweruka nditenga apongozi, amayi awo a mkazi wanga, kukaona Annapolis, mzinda wakalekale wa m'mbali mwa nyanja. Ndinalankhula ngati ndinabadwira komweko. Zoona zake ndinangodutsako kamodzi, nditasochera.

Koma chondisowetsa mtendere si chimenecho. Chikwatirireni, zaka khumi ndi zinayi, sindinadyepo pamaso pa apongozi kapena kukhala nawo moyandikana. Kwathu ku Dedza mkamwini amapatuka njira. Muno mu Silver Spring, ku Amereka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, chibwerereni apongozi patha sabata zitatu ndikudyera pakhonde choimirira. Mzungu wa khomo loyandikana akuganiza kuti banja likutha.

Dongosolo:
1. Galimoto ziwiri. Apongozi akwera ya a Tembo a ku Laurel, ine pambuyo.
2. Mayi a Tadala, mkazi wanga, pakati pathu nthawi zonse, ngati mpanda.
3. Nthawi ya chakudya ine ndikhala ndikusala.

Lachiwiri

A Tembo aimba foni. "Mudala, motoka yakana. Manje muyopa chani, apongozi ni mkango?" Anthu a ku Lusaka awa!

Galimoto imodzi tsono. Ndayeza ndi chingwe kuchokera pampando wanga kufika mpando wakumbuyo kumanja: mikono iwiri. Si yambiri, komabe ndi ulemu. Galasi lapakati ndalipotolera kudenga kuti maso asakumane.

Lachitatu

Mpanda wagwa! Mayi a Tadala aitanidwa kuntchito Loweruka, kunyumba yosamalira okalamba, mnzawo wachira mwana. Ndawapempha kuti akanene kuti akudwala. Angondiyang'ana: "Inu a dikoni?" Ndalapa. Tchimo lachiwiri sabata ino, ndipo ndi Lachitatu chabe.

Akuti amayi awo zopewanazi sazilabadira, anaphunzitsa sukulu ku Blantyre mpaka kupuma, ndikudzizunza ndekha. Iwo anena zimenezo chifukwa si iwo mkamwini.

Lachinayi

Chiyembekezo chotsala ndi Tadala, mwana wathu. Ndamupempha m'Chichewa kuti atiperekeze, wayankha m'Chingerezi kuti ali ndi mpira. Ndamufotokozera mwambo wonse modekha. Akuti agogo ake anamufunsa kale ngati bambo ake ali ndi matenda opatsirana.

Ndapempherera mvula. Foni ikuti Loweruka kuli dzuwa, popanda ndi kamtambo komwe. Kodi kupempherera mvula chifukwa cha mantha ndi tchimo? Ndikuopa kuti ndi lachitatu.

Lachisanu

Ndikuloweza mbiri ya mzindawo kuti ndizikalankhula nditayang'ana makoma:
misewu ya njerwa,
nyumba ya malamulo yakalekale,
sukulu ya asilikali a pamadzi,
doko lomwe ankatsitsirapo akapolo.
Za chakudya sindikuloweza kanthu.

Apongozi atumiza mawu kudzera mwa mwana wawo: amva kwa amayi a kutchalitchi kuti wosadya nkhanu za kumeneko ndiye kuti sanafike. Ndathamangira ku Levitiko. Zilimo ndithu, za m'madzi zopanda zipsepse ndi mamba! Koma mutu womwewo ukuletsanso nkhumba, ndipo nkhumba andiona ndikupita nayo pakhonde. Ndatseka Baibulo.

Loweruka

Apongozi atsegula okha chitseko chakutsogolo cha galimoto. Akhala. Amanga lamba. Akonza galasi langa lija!

Ndaphonya pokhotera kawiri, chifukwa kuti ndione kumanja ndiyenera kuyang'ana iwo.

Akuti Annapolis ndi wokongola: mabwato oyera, nyumba zakale zopaka utoto. Ine ndaona njerwa zapansi. Njerwa zabwino. Tinjira take n'topapatiza, kopatukira kulibe, ndiye ndikutsalira m'mbuyo mapazi khumi, mbiri ya nyumba ya malamulo ndikuifotokozera khoma. Mayi wina wachizungu waimitsa apongozi n'kuwafunsa chonong'ona ngati bambo uyu akuwalondola. Amuyankha m'Chingerezi cha aphunzitsi kuti inde, zaka khumi ndi zinayi.

Padoko apongozi aima, akuyang'ana madzi. Kenako andigwira dzanja. Ndimayesa akukomoka. Ayi. "Amene anatsikira panowa analibe m'bale woyenda naye. Ine ndili naye, koma akundithawa. Tiyeni tikadye, mwana wanga."

Ndawatsatira.

Malo odyera: katebulo koyalapo pepala, mulu wa nkhanu zofiira pakati, tinyundo tiwiri tamatabwa. Ndimaopa kudya mbale imodzi ndi apongozi, apa ndi mbale yomwe palibe! Ndanena kuti ndikusala. "Mwasala sabata zitatu pakhonde, zakwana." Andimangirira okha kapulasitiki pakhosi ngati khanda. Ndamenya nkhanu maso ali kumbali, mwendo wake wauluka, watera paduku lawo. Aseka mpaka misozi. Ajambula chithunzi, mitu yathu itagundana, nyundo ili m'manja mwanga.

Ndadya zisanu ndi ziwiri. Ambuye, zinali zokoma. Ndasiya kuwerenga machimo.

Lamulungu

Chithunzi chinafika ku Dedza ife tisanafike ku Silver Spring. Amalume atumiza uthenga wa mawu wautali kuposa ulaliki wa lero. Ndamvera poyambira pokha: "Mphwanga, Amereka wakumaliza." Kutchalitchi a Tembo akundipatsa moni ndi zala ziwiri, akuzitsegula n'kuzitseka.

Masana ndanyamula mbale yanga kupita pakhonde. Apongozi ayanikapo zitenje mbali zonse, poima palibe. Mpando wanga auika pafupi ndi wawo.

Ndakhala. Ndapempherera chakudya maso ali chitsekere: odwala, apaulendo, boma, amalume, ndi nkhanu zomwe. Ndinali ndisanafike kwa amasiye pamene apongozi anena okha ameni.