Bokosi la Zaumoyo Lafika pa Macheka

Lolemba

Bokosi lafika! Lobiriwira, loko wa boma, kabowo pamwamba. Kalata yochokera ku likulu ikuti akuunika umoyo wa anthu apantchito. Tsono aliyense pano pa macheka alembe chomuvuta m'thupi, osalemba dzina, aponye m'bokosi. Kiyi abwera naye bwana woyendera Lolemba likudzali.

Abwana athu, a Kamwendo, asankha ine kuti ndiliyang'anire, poti ndine kalaliki, ndiponso ndinaphunzirako kumanga bandeji masiku atatu ku boma. Ndikumva kukoma, sindinama. Zomwe ndikuyembekeza kuti tipatsidwa:

zophimba kumphuno, utuchi watimaliza
jombo
chimbudzi chokhala ndi chitseko

Bokosi ndalikhomera pansi pa windo langa kuti lisanyowe ndi nkhungu. Nzeru zimenezo!

Lachiwiri

Mapepala oponyedwa: palibe.

Anthu akuzungulira kuseri kwa zimbudzi, m'matope, kuopa kudutsa pawindo langa. A Ngozo, mkulu amene wacheka matabwa pano kuyambira nthawi ya atsamunda, munthu amene anandiimira pa ubatizo, lero akunditchula kuti bwana. Ine!

Ndikuwafotokozera kuti bokosili ndi la umoyo basi. Iwo akuti: "Inde bwana, nafenso umoyo wathu tikuufuna. N'chifukwa chake sitikulemba."

Lachitatu

Kunyumba kwafika thumba la mbatatesi, makabichi atatu ndi nkhuku yomanga miyendo. Wobweretsa sakudziwika. Pomaliza chinsinsi chayamba kugwira ntchito, koma mbali yolakwika.

Mkazi wanga, make Tereza, akuti akangofika pampopi amayi onse akusiya nkhani n'kuyamba kuyamikira boma chifukwa cha madzi. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: "Zaka zonsezi ndimagona ndi kazitape osadziwa? Nanga bwanji nyumba ikudonthabe?"

Nkhuku tadya. Kuibweza kwa yani?

Lachinayi

Atcheyamani a chipani pano pantchito aitanitsa msonkhano pamulu wa matabwa. Akuti boma likafunsa, munthu wokhulupirika amayankha. "Wosalemba ndiye kuti akubisa kanthu!"

Mzere mpaka kugeti! Macheka azima. Theka la anthuwa sadziwa kulemba, ndiye akubwera kwa kalaliki, amene ndine. Wina akunong'ona: "Mundilembere, achimwene, koma musadziwe kuti ndine." Ndalemba ka khumi ndi kasanu ndi dzanja langa lomweli: Ndili bwino, zikomo boma. Mmodzi mwa ali bwinowo ali ndi zala zitatu.

Odziwa kulemba akulembera okha, ataphimba pepala ndi chipewa, lilime lili panja. Akuchedwa kwambiri. Mutu kapena msana sizitenga mizere yonseyo. Mtima wanga wayamba kukayika.

Lachisanu

Pa nthawi ya nkhomaliro ndatseka windo, ndapinda waya, ndawedza mapepala pakabowo. Ndachimwa, ndikalapa. Matenda a pa macheka athu ndi awa:

Uje amamvera wailesi yakunja.
Uje sanawombe m'manja pamsonkhano.
A Kamwendo anayasamula nyimbo ya fuko ili mkati.
A Ngozo ananena kuti khadi la chipani silichiza chimfine.
Kalaliki anapachika kalendala pamwamba pa chithunzi cha Mtsogoleri.

Kalendala ndaitsitsa pompo, mpaka msomali wandibaya. Bandeji ndadzimanga ndekha, maphunziro aja apindula.

Kuseka kwandithera. Mapepala awa akafika ku likulu, landirova ya apolisi ibwera kuno, ndipo sidzabwera ndi jombo. A Ngozo ali ndi adzukulu asanu pakhomo. Ndili ndi mantha.

Kupatula olemba ine aja, kapepala kamodzi kokha n'kosiyana. Pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendekeka: Ndikutsokomola magazi mwezi wachiwiri. Thandizeni. Dzina palibe, monga mwa lamulo. M'bwalo lonseli munthu mmodzi yekha ndiye wamvera malangizo.

Loweruka

Mamawa ndazula bokosi, ndalikulunga m'chiguduli, ulendo wa kudzenje lotenthera utuchi. Ndikupeza a Kamwendo aima pomwepo, manja m'thumba la jasi. Tayang'anana. Ayang'ana chiguduli, chimene chili ndi ngodya zinayi.

Akuti: "Chaka chino moto wa utuchi ukuvuta, a kalaliki. Umalumpha mpaka pamawindo." Andipatsa machesi, iwo n'kumapita akuimba mluzu.

Bokosi la boma limayaka bwino, pamenepo ndiyamikire. Watsala ndi loko yekha, wakuda bii, wokhomabe. Khoma la pansi pa windo ndalidetsa ndi mwaye kuti ngoziyo ioneke. Atcheyamani abwera kudzaona, apukusa mutu, apuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Kaya za iwo analemba ndani.

Kapepala ka pensulo sindinakatenthe. Kali m'thumba la malaya.

Lamulungu

Lipoti la bwana woyendera ndamaliza tisanapite ku Misa. Madandaulo: palibe. Umoyo wa antchito: wabwino kwambiri. Zosowa: bokosi lina. Mzere womalizawu ndaufufuta.

M'tchalitchi chisanu cha Juni chikulowera pansi pa chitseko. Ulaliki sindinaumve, ndimamvetsera zifuwa. Kumbuyo, kutsogolo, kumbali ya amayi, kwaya yomwe, onse akutsokomola. Wa magazi ndi uti?

Potuluka ndaima pakhomo, kufunsa anzanga apantchito mmodzimmodzi, mwakachetechete, kuti pachifuwa pali bwanji, chipatala cha mishoni sichili patali, nditha kuwaperekeza. Aliyense akumwetulira: "Tili bwino bwana, tikuthokoza boma."

A Ngozo ayankha chimodzimodzi. Chifuwa chawabwerera ali pamaso panga, achimeza mpaka misozi. Adikira kaye akhote kuseri kwa tchalitchi, kumene kazitape sangamve.