Mawu Anga Ali M'kompyuta

Lolemba

Lero ndiye lero! Kabokosi kafika ku ofesi ya kopaletivi yathu ya mpunga. Ndabwera nako ndekha pa kabaza kuchokera pa Golomoti, nditakakumbatira pachifuwa.

Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, nambala yanga ndiyo nambala ya kopaletivi, poti ine ndiye mlembi. Wogula mpunga, ine. Wofuna tsiku la chigayo, ine. Amene madzi sanafike m'munda mwake, inenso. Foni imalira pa Misa ku Mua, imalira pamaliro, imalira ndili m'bafa sopo ali m'maso. Koma Loweruka lino ndi chinkhoswe cha Tiyamike, mwana wanga mmodzi yekhayo, ndipo ndalumbira. Ndikakhala pamkeka kuyambira poyamba mpaka pothera, popanda kanthu kolira m'chiuno mwanga.

Zimene ndinaphunzira pa maphunziro a masiku atatu ku Lilongwe, ndizilembe ndisanaiwale:

— Pulogalamu yoyendetsa mafoniyi ndi yaulere, komanso ndi yotseguka. Aliyense angathe kuona m'kati mwake, kusintha, n'kugawirako mnzake, monga timachitira ndi mbewu.
— PBX: kompyuta yakale ya mu ofesi isanduka wolandira alendo, woimba aliyense izimulozera kopita.
— Getiwe: ndi kabokosi kameneka. Simu yanga ilowa mmenemo, mafoni akunja azidzera mmenemo polowa m'kompyuta.
— Ekisitenshoni: nambala zam'kati. 101 pa desiki langa, 102 kuchigayo, 103 kosungira matumba.
— IVR: mawu ojambula aja oti “dinani 1, dinani 2”.
— Voisimelo: dengu losiyamo uthenga pakasowa woyankha.

Simu ndaitulutsa m'foni ndi singano, ndailowetsa m'kabokosi. Kagetsi kobiriwira kakuphethira. Foni yanga ili zii, mpaka ikuoneka yopepuka.

Ndikuyang'ana pawindo. Mpunga wacha, chikasu chokhachokha mpaka m'tsinde mwa phiri. M'mutu mwanga mafoni akuyenda ngati madzi m'ngalande, aliyense kumunda kwake, ine ndakhala pamthunzi ndikupeta nsalu ya Loweruka.

Lachiwiri

Ndikujambula mawu. Mawindo ndatseka, wa chigayo ndamupempha azimitse kaye injini. Koyamba mbuzi yalira. Kachiwiri ndaseka ndekha. Kachisanu zatheka:

“Takulandirani ku kopaletivi ya alimi a mpunga. Ogula mpunga, dinani 1. Za chigayo, dinani 2. Za matumba, dinani 3.”

Kukoma kwake mawu anga, abale! Ndawamvera kasanu ndi kanayi. Munthu wa ku Lilongwe akamva, aganiza kuti tili ndi nyumba yosanja, yamagalasi, ndi maluwa pakhomo.

A Kachingwe, a tcheyamani athu, alowa ndi matope m'majombo. Amvetsera mutu uli pambali. “Ine ndili pa nambala chani?” Ndikuwafotokozera kuti manambala ndi a ntchito, si a anthu. “Kopaletivi yoti 1 wake si tcheyamani ine sindinaionepo.”

Pofika masana nkhani yawanda. A vaisi akufuna 2. Mayi msungichuma akuti 3 ndi yawo chibadwire. Komiti ili ndi anthu asanu ndi anayi, mabatani nawonso alipo asanu ndi anayi, osawerengera ziro amene aliyense akumukana.

Dongosolo latsopano:
— 1 mpaka 9, a komiti, motsata maudindo. Onse akulilira pa foni imodzi imene ndaichotsa kosungira matumba n'kuiika m'chipinda cha misonkhano. M'chipindamo simukhala munthu, eni ake amakhala ku munda.
— Ziro: ogula mpunga, chigayo, matumba, madzi, ndi zina zonse. Akulilira pa desiki langa.

Palibe kanthu. Pulogalamu yotseguka imalola kusintha, ndiye ubwino wake.

Lachitatu

Mayo ine! Ku Lilongwe palibe anatiuza za kufulasha.

Mlimi wa kuno saimba foni. Amaliza kamodzi n'kudula, kenako amakhala pamzere wa munda kudikira kuti ndimuimbire. Takhala tikutero zaka zonsezi. Koma kompyuta ndi yachangu, ikuyankha foni isanamalize n'kulira komwe. Munthu asanadule, mawu anga afika kale, “Takulandirani”, ndipo timayunitsi take tapita.

Pakhonde pali anthu khumi ndi awiri, mafoni ali m'manja. Zimene ndamva:
— “Mwayamba liti kuyankha msangamsanga chonchi?”
— “Mayunitsi amenewo ananditumizira mwana wanga wa ku Joni!”
— “Chinthu chanucho chili ndi njala.”

Ndatsegula dayopulani, mapu aja ouza kompyuta chochita foni ikalowa. Ndalemba kuti izidikira kulira kasanu isanayankhe. Zatheka, ndipo ndavina pang'ono pampando. Tsopano ofulasha onse ikuwalemba bwinobwino pamndandanda, ine ndikuwaimbira mmodzimmodzi kuchokera pa 101. Ndaweruka dzuwa litapendeka, khutu likutentha.

Panjira ndikulotabe. Tsiku lina kompyuta izidzaimbira yokha ofulasha, ndi mawu anga, ine ndili ku Salima kukaona adzukulu. Tiyamike ndam'peza akusita nsalu yake, akuimba chapansipansi.

Lachinayi

A Gamaliyeli, mlimi wathu wamkulu kuposa onse, abwera pa njinga kuchokera ku Bwanje atavala jekete. Sanakhale pansi.

“Mayi a Tiyamike, ndinakulakwirani chiyani? Ndakupatsani moni katatu. Inu muli dinani, dinani.”

Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Akunena zoona. Munthu wamkulu ungamuuze kuti adine usanamufunse mmene wadzukira?

Ndajambulanso, ndi mipata yoti woimba aziyankha:

“Takulandirani. Muli bwanji?” Mpata. “Ndili bwino, zikomo. Kunyumba ali bwanji?” Mpata. “Nanga ana?” Mpata wautali. “Chabwino, tithokoze Mulungu.” Kenako mayina a komiti onse ndi maudindo awo, ziro pomalizira.

Uthenga wonse ukutenga mphindi ziwiri. Koma ulemu wake, ndithu ndagwetsa kamsozi pomvetsera.

Madzulo a Gamaliyeli abweranso, jekete lili paphewa. Ng'ombe yawo yapangolo yafa masana ano. Aimba kuti andiuze, anena zonse pa mpata wautali uja, ndipo ine ndawayankha kuti chabwino, tithokoze Mulungu.

Ndawaphikira tiyi. Ndapepesa m'malo mwa kompyuta, ndapepesanso m'malo mwa ine mwini. Kwatsala masiku awiri.

Lachisanu

Lero ndayatsa mzere. Oimba akachuluka, kompyuta imawaimika motsatana, kumawaimbira nyimbo, n'kumauza aliyense malo ake. Ndaikamo nyimbo ya kwaya yathu, ija timaimba popereka mphatso. Ndatseka maso, ndikuona anthu atavala zoyera, ataima mwaulemu m'mbali mwa ngalande, akugwedeza mitu.

A tcheyamani aimba ali ku munda, akufuna ine. Kompyuta yawauza kuti ndi achitatu pamzere. Patsogolo pawo pali mkamwini wawo.

Msonkhano wadzidzidzi, 2 koloko. Aka n'koyamba sabata ino m'chipinda chija kukhala anthu, ndipo foni ya 1 mpaka 9 sinalire ngakhale kamodzi. Zogamula:
— Chinthucho sichidziwa wamkulu.
— Chinatukwana a Gamaliyeli pa tsoka lawo.
— Wogula mpunga wa ku Lilongwe anafunsidwa za ana ake, n'kudula foni.
— Chichoke.

Ndagwada, ine mayi wamkulu ndi nsalu yanga. Ndapempha tsiku limodzi lokha, la mawa. Mayi msungichuma andithandiza: “Mwana ndi mmodzi, musiyeni adye nkhuku yake mwamtendere.” Avomera.

Ndasintha dayopulani komaliza. Mawa aliyense, kaya adina chiyani, akagwera m'dengu la mauthenga. Ndakhoma ofesi. Kagetsi kobiriwira kakuphethirabe m'katimo.

Loweruka

Ku Mtakataka, kwa achimwene anga, amalume ake a Tiyamike. Foni ndaisiya kunyumba, m'kabati, pansi pa mbale.

Ndaona zonse! Zonse!
— Atsikana atatu ofundidwa nsalu, a kuchimuna akuvundukula wolakwika dala, anthu ali gwegwede ndi kuseka.
— Tiyamike akuvundukulidwa, maso ali pansi, kamwa ikunjenjemera ngati ya malemu bambo ake.
— Tambala ndi msoti kusinthana manja, ankhoswe akugawana nkhuku yootcha.
— Lichero, mthiko, khasu, nkhwangwa, chilichonse ndi malangizo ake.

Ndavina mpaka nsalu yamasuka. Kanayi konse dzanja lapita lokha m'chiuno, kukagwira foni yomwe kulibe. Palibe wandiitana kuti ndipite kuseri ndikayankhe. Kodi anthu ena amakhala chonchi masiku onse?

Dzuwa lisanalowe Tiyamike wakwera minibasi ya ku Salima ndi mwamuna wake, katundu ali pamiyendo. Wandikupizira dzanja pawindo, akunena kanthu kena, koma kondakitala akukuwa ndipo sindinamve.

Lamulungu

Misa yonse yatha popanda kulira kanthu. Ndadzera ku ofesi kukamvera za m'dengu, ndikadali ndi nsalu ya dzulo.

Mauthenga khumi ndi asanu ndi awiri. Asanu ndi moni yekhayekha. Atatu ndi madzi. Wina ndi mphepo ndi mbalame za m'munda, mwini wake anaiwala kudula. A Gamaliyeli akufunsa ngati mwambo wayenda bwino, akutinso za ng'ombe zija anakhululuka.

Womaliza ndi wa dzulo madzulo.

“Amayi, ndine. Tafika bwino. Nyumba ndi yabwino, koma... ndimangofuna ndimve mawu anu. Ndawamva, mwandifunsa kuti kunyumba ali bwanji. Mwatchula a tcheyamani, a vaisi, mpaka ogula mpunga. Nanga ine ndidine chani?”

Pamndandanda nambala yake ikuonekanso katatu. Sanasiye uthenga. Ulendo uliwonse mphindi ziwiri ndendende, kutalika kwa moni uja, kenako n'kudula.

Ndalira, ndisaname.

Singano ili m'dirowa momwe ndinaisiya Lolemba. Ndatulutsa simu m'kabokosi, kagetsi kobiriwira kazima. Kompyuta ndaifunditsa nsalu yake ya fumbi, mawu anga ali momwemo, akhale. Simu ndaimanga pa ngodya ya nsalu, ndayenda chothamanga mpaka kunyumba, ndatulutsa foni pansi pa mbale, n'kubwezeramo simu.

Isanamalize n'kuyaka komwe, yalira kamodzi n'kuduka. A tcheyamani akufulasha. Adikire, ndi achiwiri pamzere.

Ndikuimbira Tiyamike. Wayankha isanamalize kulira koyamba.