Nyanja Imene Ndinajambula kwa Kaomba

Mpaka lero ndikamadutsa pa chigayo pali anthu amene amandifunsa ngati bwato ndalimangirira bwino. Ndimangowapatsa moni n'kumapita, poti ndinaziyamba ndekha.

Ntchito yanga ndi ya mbuzi. Ndimazungulira m'midzi ya kuno kwa Kaomba pa njinga, kugula mbuzi n'kukagulitsa tsiku la msika. Pa ntchito imeneyi mawu oyamba sakhala oona. Wogulitsa amayambira kumwamba, wogula amayambira pansi, mumakumana pakati n'kugwirana chanza. Aliyense amadziwa zimenezi, mwina ndi mbuzi yomwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ana asukulu sanenerera.

Chaka chatha kusukulu ya mwana wanga Tiyamike, wa Sitandade 7, kunabwera matabuleti, mafoni aakulu aja ooneka ngati sileti. M'menemo muli mapu a dera lathu ojambulidwa kuchokera kumwamba. Ukatambasula zala ziwiri mudzi umayandikira mpaka kuona zigafa za fodya ndi denga lako (langa linaoneka ladzimbiri kuposa mmene ndinkaganizira). Pansi pali kamzere ka zaka: ukakakokera kumbuyo mitengo imabwerera, ukakakokera kutsogolo imatha. Aphunzitsi awo, a Mwale, ankawaphunzitsira za kusintha kwa nyengo. Koma zithunzizo sizinkafika kale kwenikweni, ndiye anagawa ana m'magulu kuti akafunse akuluakulu za dambo la kuseri kwa sukulu, kuti madzi ankafika pati ndipo ankauma mwezi wanji. Tiyamike anali mtsogoleri wa gulu lake, ndipo anasankha ine.

Anafika Lachisanu masana, ana asanu ndi tabuleti yokulunga m'chitenje.

"Bambo, mungokhudza apa n'kuyendetsa chala mmene madzi ankathera muli mwana," anatero Tiyamike. "Mzere ujambulika wokha."

Zoona zake ndinkazidziwa bwino. Madzi ankathera pa mkuyu waukulu uja, ndipo ankakhalapo mpaka Okutobala. Koma ana asanu akukuyang'ana pakamwa, ungayambire pa mtengo weniweni? Chala chinadutsa mkuyu, chinadutsa njira ya ngolo, chinakazungulira kuseri kwa tchalitchi. Ndinaima n'kumadikira kuti wina anene kuti, "Aa, bambo, tsitsaniko."

Onse anangovomera. Kamtsikana kena kanangodina penapake, malo onse aja n'kusanduka buluu.

"Ankauma mwezi wanji?"

"Kuuma? Sankauma."

Anayatsa chojambulira mawu. Apa m'pamene ndikanabwerera, koma wogula akapanda kutsutsa, wogulitsa amakweza (funsani aliyense pa msika). Ndinaikamo mabwato. Ndinaikamo chambo. Ndinamalizira ndi mvuu imodzi imene inkadya chimanga cha amalume. Tiyamike ankandiyang'ana ngati wapeza bambo atsopano.

Mkazi wanga, amene ankasankha fodya m'chigafa, anamva zonse. Anawo atapita anangoti, "Bambo a Tiya, mvuuyo mukaiperekeze nokha kusukulu."

Patapita milungu iwiri linafika tsiku loonetsa makolo. Anapachika nsalu yoyera pakhoma, mapu aja n'kumaoneka aakulu ngati kanema. Magulu ena anadutsa bwinobwino. Kenako panabwera Tiyamike, yunifolomu yosita, kandodo m'manja. Anadina, nyanja yanga n'kutulukira.

Pa tabuleti inkaoneka yaing'ono. Pakhoma inali itameza tchalitchi, manda, chigayo ndi theka la mudzi.

Alamu anga a Chimwaza, achimwene a mkazi wanga, amene tinkawetera limodzi ng'ombe kudamboko, anaimirira pang'onopang'ono n'kuvula chipewa.

"Pepani aphunzitsi, ndingofunsa. Nyumba ya mayi anga ndi iyo pakatipo. Ndiye kuti ine ndinabadwira pansi pa madzi?"

Anthu anaseka mpaka kugwira mabenchi. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati kale ankapemphera chosambira. Ana a magulu ena ankaloza Tiyamike. Iye sanaseke. Anangoti, "Anatiuza ndi bambo anga, iwo anaona," n'kuyamba kufufuza podina kuti mawu anga amveke, ndi mvuu yomwe.

Khomo linali pafupi nane, ndipo sindinama, ndinaliyang'ana. Koma mwanayo anali ataima yekha kutsogolo ndi katundu woola amene ndinamugulitsa ndine. Ndinanyamuka.

"Mwana walemba zimene ndinanena. Wolakwa ndine, ndinatchula mtengo woyambira. Tiya, bwera nacho kuno chinthucho." Ndinabweza mzere kuuchotsa pa tchalitchi. "Apa bwanji?"

"Tsitsani," anatero alamu.

Ndinaufikitsa pa chigayo.

"Tsitsaninso!" Tsopano chinali chipinda chonse.

"Anthuni, mundipha. Pa njira ya ngolo, basi, pomaliza."

"Alamu, pa njira ya ngolo tinkaotcherapo mbewa. Tsitsani."

Tinanenerera choncho mpaka chala chinafika pa mkuyu. Pamenepo palibe amene anakuwa. Mayi wina wachikulire anati ankachapira pomwepo. Bambo wina amene anabwera kuno ngati tenanti wolima fodya kuchokera ku Phalombe anati chaka chimene anafika anapeza madzi pomwepo, mvula yoyamba isanagwe. Mvuu ndinaibweza ndekha asanandifunse.

A Mwale anauza Tiyamike kuti akokere kamzere kaja kufika chaka chimene tinalimocho. Mzere woona uja unatsala pamwamba, mkati mwake muli mchenga, minda, ndi kachithaphwi kamene kamauma mu Juni. Mitengo ya m'mphepete, imene tonse tinadulako nsichi za zigafa, inali itapita. Dambo lenileni, lopanda mabwato, linali lalikulu mokwanira kutimvetsa chisoni tonse. Tiyamike anafotokoza mpaka kumapeto osayang'ana papepala, ndipo anthu anamuombera m'manja. Anayambitsa ndi alamu omwe aja.

Kunyumba Tiyamike sanandiyankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera kudzandithandiza kumanga mbuzi pa njinga, tinagwirizananso. Kungoti masiku ano chilichonse chimene ndinganene chimayamba chayesedwa kaye. Dzulo ndimamuuza kuti ine ndili Sitandade 7 ndinkakhala nambala wani.

"Tsitsani, bambo."

Tinanenerera mpaka nambala 12, tinagwirana chanza, iye n'kupita wokhutira. M'kalasi mwathu tinalimo ambiri ndithu, ndipo ine ndinkakhala chakumapeto kwenikweni, moyandikana ndi alamu. Ndiye pamenepo ndinapindulabe.