Nsomba Yodzola ya Lufeyo

Taikani pansi mipeniyo, anyamata inu, ogula sanayambe kufika. Mwambi umene mumangoutafuna osadziwa kwawo uja unayamba chonchi, ndipo unabadwira pakhomo pathu penipeni, ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Azakhali anga, a Nasimango, anali katswiri wa nsomba. Ndikati katswiri sindikunena inu, ogula ndi maso ngati mukusankha malaya. Iwo ankatukula chivindikiro cha m'mbali mwa mutu n'kusuzumira makha, momwe nsomba imapumira muja. Mizere inayi mbali iyi, inayi mbali inayo, uliwonse uli ndi timano tofewa ngati ta chipeso. Ya lero, timanoto timakhala tofiira, totayana bwino. Ya dzulo, timatuwa, timamatana ndi zonanda. Palibe msodzi anawapusitsapo, ndipo ine ndimanyada nawo mpaka lero.

Ndiye panali msodzi wina, Lufeyo, amene ankafunsira mwana wawo Ndaziona. Ankhoswe anali atagwirizana kale, kunangotsala mawu a azakhali. Koma pakamwa pa Lufeyo! Analengeza dooko lonse kuti apita kwa apongozi ndi makumba, nsomba zathu za m'Chilwa zija, makumi atatu a m'mawa womwewo.

Atavuula ukonde anapeza makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Munthu wanzeru akanangonyamula omwewo. Iye ayi. Anatola nsomba ina ya dzana imene inatsalira m'bwato, n'kuitsuka. Poona kuti makha atuwa, anakaba chopaka milomo cha mlongo wake, n'kupaka mzere ndi mzere, mbali zonse, mosaumira. Popeza inafiira kuposa zinzake, chitsirucho chinaiika pamwamba penipeni pa dengu!

Atafika anagwada patali, monga achitira mkamwini. Azakhali anatenga ya pamwambayo, natukula chivindikiro, napisa chala. Chala chinatuluka chili psuu.

“Bambo, nsomba iyi ikupita ku dansi?”

“Ayi amayi, ndi thanzi limenelo. Inali yamagazi ambiri.”

“Thanzi lonunkhira mafuta a m'sitolo? Nanga timanoti tagwirana chonchi, tikulirana maliro?”

Amayi oyandikana nawo nyumba anali atasonkhana, ena atagwira nthiti ndi kuseka. Ndaziona anathawira kuseri kwa nyumba, manyazi atamugwira. Lufeyo thukuta kamukamu, anayamba kutulutsa nsomba zina, akuzikanula yekha.

“Taonani izi amayi, zonsezi n'za lero! Yolakwa ndi imodzi yokha basi!”

Ndipo sankanama, anyamata. Zinalidi zabwino, makha ali ngwee, zina zikuphiriphitha kumene. Ine ndinamumvera chisoni, pakuti Ndaziona ankamukondadi. Koma azakhali sanaziyang'ane n'komwe. Anapukutira chala pachitenje, naitana mwana wawo kuti adzimvere yekha, kenako anauza Lufeyo kuti:

“Mukanabwera ndi zoperewera, ndikanakulandirani. Kuperewera si mlandu. Koma munthu wopaka utoto pa chovunda, mawa mwana wanga akadzadwala mudzamudzoza mafuta n'kundiuza kuti ali bwino. Senzani dengu lanu.”

“Amayi, chifukwa cha nsomba imodzi?”

Azakhali anaiponyanso m'dengumo, pamwamba pa zinzake, nati, “Pitani bwino, bambo. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.”