Tsiku Limene Ndinakana Kuthira Theka

Mpaka lero ndikamadutsa pa mishoni ku Zobuwe, sipalephera kupezeka wina wondifunsa ngati ndadzaza. Ine ndimangopitirira ulendo wanga. Koma poti ena ayamba kuithira mchere nkhaniyi, bola ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Tinali titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Bwalo la tchalitchi linali litamera udzu woti mbuzi ikalowamo unkangoimva kulira. Kenaka mishoni inalandira thirakitala yakale yokoka chimakina chotchetchera udzu, ndipo a Padiri analengeza kuti akufuna munthu mmodzi woiyendetsa ndi kuisamala, wapamwezi. Tinaimirira awiri, ine ndi alamu anga a Jowakimu, amene kale ankakonza makina ku mgodi wa malasha ku Moatize. Ine umekaniku wanga unali wa zaka ziwiri pachigayo cha ku kampu ya othawa nkhondo (kunena zoona, ndinkangosesa gaga). Koma pakamwa ndinawaposa alamu, makiyi n'kupatsidwa ine kuti andiyese sabata imodzi.

Ntchito yoyamba inali kusintha oyilo m'kabokosi ka magiya ka pamwamba pa chotchetcheracho, kamene alamu amakatcha kaisha. Oyilo wakale ndinamukhetsa bwinobwino, wakuda bii. Ndiye alamu, amene sindinawaitane, anafika n'kukhala pachitsa.

"Alamu, mwakaona kabawuti ka m'mbalika? Kamasuleni. Muzithira pamwamba, oyilo akangoyamba kutulukira pamenepo, basi mwamaliza."

"Pamenepotu ndi pakati pa bokosi," ndinatero ine. "Ndithire theka?"

"Theka lomwelo."

Apa mundimvetse. Zaka zisanu ndi ziwiri ku kampu tinkalandira chakudya choyeza pakachitini, kalaliki n'kupalapo ndi kandodo kuti pasapitirire ngakhale nyemba imodzi. Tsiku lowoloka malire kubwerera kwathu ndinalumbira kuti m'manja mwanga simudzatulukanso theka. Ndiye makina oti azindidyetsa ine ndi ana anga, ndiwamane? Komanso mumtimamu ndinkati alamu akufuna kundigwetsa kuti ntchito igwere iwo.

Kabawuti kaja sindinakakhudze n'komwe. Ndinathira mpaka m'khosi. Potseka ndinaona kuti chivindikiro chili ndi kabowo.

"Kameneko n'kopumira," anatero alamu.

"Chitsulo chipume? Chili ndi mphuno?"

Ndinasema kamtengo ka bulugama n'kukakhomera pakabowopo ndi mwala. Alamu anaimirira, n'kukutumula fumbi pathalauza.

"Chabwino, a mekaniku."

Anakaima patali ndithu, pansi pa mtengo wa pichesi. Kutalikira kumeneko kukanandiuza kanthu ndikanakhala munthu womva.

Linali Loweruka, amayi a kwaya akuphunzira nyimbo pakhonde la tchalitchi, akazi anga ali pomwepo. Ndinazungulira bwalo kasanu, chifuwa chili patsogolo, udzu ukugwa mokoma. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinamva fungo ngati la dzira lovunda (ndinaganizira mbuzi). Wotsatirawo kaisha kanayamba kuimba mluzu. A Padiri anatuluka m'nyumba atavala mkanjo wawo woyera, ali pa ulendo wokadalitsa ukwati ku Kambulatsitsi, n'kundikodola kuti ndiime.

Anawerama, anatchera khutu, n'kuona kamtengo kaja.

"Mwana wanga, ichi n'chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa, anali atakazula.

Abale inu, sindinkadziwa kuti kabokosi kakang'ono choncho kangasunge mkwiyo wotere. Oyilo wathovu anatumphuka n'kuwasambitsa a Padiri kuyambira kundevu mpaka kunsapato, wotsalayo n'kundipeza ine. Mwayi wake sanawawotche kwenikweni. Nyimbo inadukira pakati, bwalo lonse zii. Ndipo m'chete mmenemo ndinamva akazi anga, amene ndinalumbira nawo pa guwa lomweli, akuuza anzawo kuti, "Ndi mmene amathirira tiyi kunyumba."

A Padiri sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anavula magalasi, anawapukuta pakansalu kamene kanapulumuka, n'kunditambasulira dzanja. Ine ndinaligwira ndi manja awiri, kuyesa ndi moni wa mtendere.

"Makiyi," anatero.

Makiyiwo anakathera m'khosi mwa alamu, pachingwe. Kamphira kotsekera oyilo kunsi kwa kaisha kanali kataphulika, ndipo kena kanayenera kuchokera ku Tete pakatha milungu itatu. Udzu sudikira milungu itatu. A Padiri anagamula kuti amene anayamba ntchito aimalize, n'kundibwereka chikwakwa.

Masiku anayi ndinatchetcha bwalo lija ndi manja, matuza thoo, alamu ali pachitsa chawo chija, makiyi akulira ngwelengwele akamatembenuka. Tsiku lachinayi dzuwa lili paliwombo anandimvera chisoni, n'kundibweretsera madzi m'kapu. Ndinasuzumiramo. Theka.

"Kuti mupeze popumira, alamu," anatero.

Ndinamwa ndithu, ludzu silidziwa malumbiro. Ntchito ija alamu anaigwira mpaka kukalamba, ndipo ndikuvomera kuti kaisha sikanaimbenso mluzu. Koma wina adzandiuze tsiku lina chifukwa chake munthu wanzeru zake amapanga bokosi lalikulu n'kumati muzithira theka.