Tsiku Limene Ndinatsegula Ngalande ya Abwana

Anzanga, khama nalonso limapweteketsa. Nditasiya ntchito ya m'galadeni ku Camps Bay, ndinapeza malo pa famu ina ya mphesa kuseri kwa Somerset West. Anandipatsa mwezi umodzi wondiyesa, ndiye ndinati ndionetse kuti ife a ku Ntcheu sitidikira kutumidwa.

Loweruka lina ndikuyendera kumunsi kwa munda, ndinapeza madzi ochokera m'mizere akulowa m'dzenje lalitali lodzaza tizibenthu ta nkhuni, n'kumatuluka mbali inayo pang'onopang'ono ngati akuchita manyazi. Mtima unandiwawa. Malemu akazi anga a Nachisale, pa dimba lathu kumudzi, sankalola ngakhale tsamba kugona m'ngalande. Ndinatenga fosholo ndi wilibala.

Tsiku lonse, abale! Pansi pake tinkhunito tinali titada bii, tikununkha, ine n'kumati anthu olemera chonchi koma uve. Tonyowa ndinakathira m'maluwa a adona, akazi a abwana. Totsala ndinapatsa a Gondwe oyendetsa thirakitala kuti akawotchere nyama. Kenaka ndinasalaza ngalandeyo bwinobwino, madzi n'kumathamanga mpaka kumtsinje.

Lolemba ndinakawaitana abwana ndekha. Kodi anandituma ndani? Anabwera ndi mayi wina wa ku yunivesite atanyamula timabotolo. Ndinavula chipewa n'kuloza ntchito yanga.

Mayi uja anangokhala pansi, pa udzu wonyowa.

"Phiri," anatero abwana, "m'dzenjemu munali tizilombo."

"Musadandaule bwana," ndinayankha, "ndachotsa tonse."

Apa m'pamene anandifotokozera kuti tizilomboto, tosaoneka ndi maso, timachotsa feteleza wotsalira m'madzi kuti asakameretse ndere kumtsinje n'kupha nsomba. Nkhuni zija ndiye chakudya chake. Mayiwo anali atatilondola zaka ziwiri, ine ndatisamutsa tsiku limodzi.

Ndinayamba kuganiza za basi ya ku Malawi. Koma abwana anangoti, "Tizilombo tikabwerera, ntchito ndi yako. Tikapanda kubwerera, nawenso unyamuke ukatitsatire."

Ndinadzazanso dzenjelo ndekha ndi tinkhuni tatsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kukasuzumira ngati wozonda matenda, munthu wamkulu wa imvi, kupempherera tizilombo timene sindinationepo. Patapita masabata angapo mayi uja anayeza madzi, nagwedeza mutu kuti eya, tabwerera. Ndinatsala pang'ono kupsompsona botolo.

Kuyambira pamenepo, ngakhale nditapeza mwala pakati pa msewu wa pafamu, ndimayamba ndafunsa kaye ngati uli pa ntchito.